Penti Yosauma ya Talandira

Moni okondedwa anga mwa Ambuye, anyamata ndi atsikana nonse amene mwatsegula tsambali. Ndithokoze Mulungu amene watidzutsa amoyo, ndithokozenso inu pondipatsa mphindi zanu. Khalani bwino, mumve za Talandira, mwana wa a Tickey a ku Concession m'dziko la Zimbabwe, ndi galimoto imene inamudyera miyezi itatu pamodzi ndi mtima wake.

Lolemba lina m'mawa, thirakitala inaima pa galaja ya a Tickey, kuseri kwa mashopu, ikukoka chinthu chimene anthu a pa siteji ya makombi, maminibasi akumeneko, anachiseka mpaka kugwira nthiti. Inali galimoto yakalekale ya mjaho, ya mipando iwiri, yopanda denga, yotsika ngati yagwada. Dzimbiri linali litadya zitseko zake, ndipo pampando panali chisa cha nkhuku.

Pa thirakitalapo panatsika mnyamata wamtali, wa mano oyera, malaya atapisira bwinobwino.

"Sisi, amisiri ali kuti?"

Talandira anachotsa kansalu kophimba mphuno. Chiyambire pamene chifuwa cha bambo ake chinatopa ndi fungo la penti, ntchito yonse yowongola ndi kupopera magalimoto inali m'manja mwake.

"Mukuyankhula nawo. Mwabwera kudzagulitsa khola la nkhukuli?"

Mnyamatayo anaseka, dzanja lili pachifuwa. "Maiwe! Ndimayembekeza mkulu wa ndevu, ndapeza mngelo wa ovololo. Ine ndine Mcloud, kapitawo pa famu ina cha ku Mutorashanga. Galimotoyi yagona m'balani ya fodya zaka makumi awiri, chichokereni mzungu mwini famuyo. Abwana atsopano andipatsa ine. Mungaiukitse?"

"Kuukitsa akufa n'kwa Mulungu. Ine ndingoyesa."

"Ndiye yesani ndi ine ndemwe, chifukwa kungokuonani ndakomoka kale."

Talandira anayang'ana kumbali, koma kumwetulira kunamupereka. Anazungulira galimotoyo, akuigogoda ndi chala. Pansi pa zonyansa zonsezo anaona msana wokongola, wopindika ngati wa nswala. Mwina anayamba kukonda galimotoyo asanakonde mwini wake. Ndani angadziwe?

Mcloud anayamba kubwera Loweruka lililonse. Ankabweretsa chimanga chootcha ndi maputi, mbuliwuli zakumeneko, n'kukhala pa tayala lakale, pakamwa posatseka. Agogo ake, monga a Talandira, anachokera ku Malawi wapansi kudzafuna ntchito m'mafamu, ndipo iye ndi Talandira onse anabadwira pa komboni ya antchito a pa famu.

"Ife ndife amodzi, duwa langa," ankatero. "Anthu opanda kumudzi. Mudzi wanga ndiwe, mudzi wako ndine."

A Tickey ankamvetsera ali pansi pa galimotoyo, akukonza injini. "Mnyamata uyu amayankhula ngati wailesi ya mabatire atsopano," anang'ung'udza tsiku lina. "Koma sandipepa sanaigwirepo."

"Ababa, musiyeni. Manja ake ndi a pensulo."

Talandira anapala penti yakale yonse mpaka chitsulo chinaoneka. Anadula malo odyeka ndi dzimbiri, n'kuwotcherera zigamba zatsopano. Anawongola zopindika ndi kanyundo, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru kumva kulira kwa chitsulo. Anamata phala la bodifila m'timaenje totsala, n'kukwecha ndi sandipepa yonyowa mpaka zala zake zinasupuka. Ankatseka maso n'kuyendetsa chikhatho pa boneti, pakuti chimene diso laphonya dzanja limachipeza.

Ndipo foni inkalira m'thumba la ovololo kutacha, masana ndi madzulo.

"Mudiwa wanga, wadya? Usaonde chifukwa cha galimoto yathu."

"Tala wanga, ndalota tili m'galimoto ija, iwe uli ndi velo, mphepo ikukuvula."

"Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, mkazi woyamba kukhala pampando umenewo ndiwe. Womaliza ndiwenso."

Uthenga womalizawu anauwerenga kasanu ndi kawiri. Lamulungu lotsatira anaimba m'kwaya ndi mawu amphamvu kotero kuti amayi a mvano anatembenuka kumuyang'ana.

Galimoto itavala puraima, penti yotuwa yoyambira ija, Mcloud anatulutsa kansalu m'chikwama. Kanali konyezimira, kofiirira mozama ngati mabulosi akupsa.

"Penti ifanane ndi aka, mtima wanga. Osaphonya ngakhale pang'ono."

"Bwanji osati yofiira ngati mmene inalili kale?"

Mcloud anamutsina tsaya. "Mafunso achuluka. Udzamvetsa pa tsiku lathu."

Tsiku lathu! Ndi mtsikana uti amene akanafunsanso? Talandira anasakaniza penti kasanu ndi kanayi. Ankadontheza yakuda m'yofiira, kadontho kamodzi ka yabuluu, n'kupaka pa kachitsulo, n'kutuluka nako padzuwa pamodzi ndi kansalu kaja. Ulendo womalizawo ngakhale a Tickey analephera kusiyanitsa nsalu ndi chitsulo.

Mcloud anati adzaitenga Loweruka lotsatira m'mamawa, apite nayo ku Harare kukakonzetsa mapepala.

Lachiwiri masana Talandira anapita kwa mai Filesi, telala wodziwika dera lonselo, kukasoketsa bulauzi ya kwaya imene inang'ambika m'khwapa. Atangolowa, anaima pakhomo. Pa chingwe panapachikidwa madiresi asanu ndi limodzi, onse onyezimira, onse a mtundu wa mabulosi akupsa.

Mtundu umenewo akanaudziwa ngakhale m'tulo.

"Amai, madiresi awa ndi a ndani?"

"A operekeza mkwatibwi, mwanawe," anayankha mai Filesi, mapini ali pakamwa. "Ukwati waukulu Loweruka lino. Primrose, mwana wa mwini famu uko ku Mutorashanga. Akukwatiwa ndi kapitawo wa bambo ake. Mwana wa pa komboni ngati ife, koma taona mwayi! Ndamvanso kuti galimoto ya akwati idzakhala ya mtundu womwewu. Mkwatiyo anachita kudzatenga kachidutswa pano, ati akapatse opaka penti. Khadi ndi iyo pakhomapo."

Talandira anayang'ana. Mano oyera aja! Dzanja lomwe lija limamutsina tsaya linali m'chiuno mwa mtsikana wina.

"Wadwala kodi? Khala pansi."

"Ayi amai. Ndi fungo la penti chabe."

Anatuluka osasiya bulauzi. Ali pakati pa msewu foni inalira.

"Ndakusowa njiwa yanga. Galimoto yathu ili pati?"

Anaima, makombi akumuimbira mahutala. Misozi sinatuluke. M'malo mwake m'chifuwa munalowa chinthu chozizira, cholemera ngati nyundo. Anayankha pomwepo.

"Ikhala itatha, mudiwa. Idzawala kuposa mmene ukuganizira."

Miyezi itatu! Zala zosupuka, msana wopweteka, mapapo odzaza fumbi, zonsezo kuti mkazi wina akhale pampando umene iye anauchotsa chisa cha nkhuku? Mcloud sanafune mkazi. Anafuna mmisiri wogwira ntchito ndi mtima wonse, ndipo anadziwa kumene mtima wa mtsikana umatsegulidwira. Analumbira pa dzina la Mulungu kuti apeze penti yosalala!

Anaganiza zoiphwanya galimotoyo ndi nyundo. Anaganiza zoithira petulo. Koma zimenezo akanachita munthu aliyense wokwiya. Iye anali mmisiri, ndipo anafuna kubwezera kwa mmisiri.

Penti ya magalimoto imene ankagwiritsa ntchito siuma yokha. Imafuna mankhwala ena a m'kachitini, otchedwa hadena, amene amailimbitsa. Ukaipopera yopanda hadena imagona bwino, imawala ngati galasi, diso silingadziwe kanthu. Koma imakhala yaiwisi. Chilichonse choikhudza chimamatirira, ndipo chimachoka ndi mtundu wake.

Talandira anaziona zonse m'maganizo. Iye adzamutsegulira yekha chitseko Mcloud, n'kumutsazika ndi kumwetulira. Fumbi la msewu wa ku Mutorashanga lidzamera pa galimotoyo ngati ubweya. Kenako mkwatibwi, ndi diresi lake loyera lotambalala, adzayesa kulowa m'kagalimoto kotsika kaja, akukhula chitseko, akutsamira apa ndi apo. Adzafika pa khomo la tchalitchi ngati mbuzi yochokera kophera. Anthu adzaseka, mafoni adzajambula, ndipo ukwatiwo udzakumbukidwa mpaka adzukulu.

Lachitatu kunali kuyeserera nyimbo. Anapita, anatsegula pakamwa, koma mawu anakana. Pa pemphero lotsekera anafika pa mawu opempha chikhululukiro, n'kuluma mlomo.

"Ambuye, tsekani maso masiku atatu okha," ananong'ona. Anadziwa yekha kuti limenelo si pemphero.

Lachinayi a Tickey anakwera kombi kupita kuchipatala ndi chifuwa chawo, ati akagona kwa mlongo wawo. Talandira anathira madzi pansi m'shedi kuti fumbi ligone. Anapukuta galimoto, anamata mapepala pa magalasi ndi nyali. Anatsanulira penti ija m'mfuti yopopera. Kachitini ka hadena kanali pa shelefu, kakumuyang'ana. Anakatembenuzira kukhoma.

Kompuresa yopopa mpweya inabangula. Dzanja lake linayenda uku ndi uku, mofatsa, mosaphonya. Ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu. Sanapopere bwino chotere chibadwire. Atamaliza, anadziona nkhope pa boneti, ndipo nkhopeyo sanaikonde.

Lachisanu cha m'ma 3 koloko, kunja kunamveka mawu ofewa.

"Tisvikewo! Pali anthu pano?"

Pakhomo la shedi panaima mtsikana wamfupi, wa maso aakulu, atanyamula thumba lalitali la diresi pa mkono. Talandira anamuzindikira. Anali wa pa khadi uja.

"Ndinu sisi amene mukukonza galimoto yathu? Ine ndine Primrose." Ankayankhula Chichewa chothyokathyoka, cha mwana wokulira pafupi ndi komboni. "Mcloud anandiletsa kubwera, ati ndidzaione mawa. Koma ndimatenga diresi kwa mai Filesi, mtima wakana kudikira. Ndapota, chonde, ndingoiona pang'ono."

Sanadikire yankho. Analowa, n'kugwira pakamwa.

"Mwari wangu! Ndi yomwe ija? Ndinkabisalamo ndili mwana, nkhuku zikundijompha! Baba atandipatsa ine ndinalira, ndimati andipatsa zinyalala. Sisi, manja anu ndi odalitsika. Zala zanu zachita bwanji? Zonsezi chifukwa cha ine?"

Anagwira dzanja la Talandira n'kuyang'ana mabala aja ndi chisoni chenicheni. Talandira anafuna kumuda. Anayesetsa ndithu! Masiku atatu anakhala akumumangira nkhope ya mfiti, ndipo apa panaima mwana wa munthu wosadziwa kanthu.

Primrose anaimbira Mcloud foni. "Daddy, usakwiye. Ndili pa galimoto! Inde, pa galaja. Halo? Halo?" Anaseka. "Wadula. Ali pa shopu ya masuti apo, akuyesa yake."

Kenako anatambasula manja, thumba la diresi likulendewera, kuti akumbatire boneti.

Iyi ndiyo nthawi imene Talandira anaipempherera. Sitepe imodzi yokha, ndipo zonse zikanatheka lero lomwe. Koma dzanja lake linathamanga lisanafunse mtima. Anamugwira pamkono n'kumukokera kumbuyo.

"Musaikhudze!"

"Chifukwa chiyani, sisi?"

"Penti iyi si yanu. Ili ndi mwini wake. Akubwera."

Sipanathe mphindi zisanu. Mcloud anatulukira akuthamanga, thukuta lili kamukamu, atavala suti yoyera ya ukwati, pepala la mtengo likulendewerabe pa mkono. Anayang'ana Primrose, anayang'ana Talandira, n'kuvala kumwetulira kuja.

"Aa, switi, wandiwonongera sapuraizi." Kenako anatembenukira kwa Talandira ngati munthu amene wakumana naye kamodzi pa msika. "Masikati, amisiri. Ntchito mwagwira. Dzina lanu lija ndani?"

Dzina lanu lija ndani!

Chifundo chonse chimene chinatsala mwa Talandira chinauma pomwepo.

"Dzina langa? Dikirani ndione m'foni, bwana. Pena ndine duwa, pena njiwa, pena Tala wanga. Zimatengera tsiku."

"Amisiri amakonda nthabwala," anatero Mcloud, akuseka mouma. Pofuna kuoneka womasuka, anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kulunjika pa boneti.

Talandira anaona. Nthawi yochenjeza inalipo, yokwanira bwino. Anapinda manja pachifuwa n'kumulekerera.

Mcloud anakhala pa boneti, natsamira ndi zikhatho zonse ziwiri, mwendo wina pamwamba pa unzake.

"Tiye switi, tiwasiye amisiri apume."

"Sisi Primrose, mumawerenga Chichewa?" anafunsa Talandira, akumupatsa foni. "Yambirani pamwamba. Nambala mukuidziwa."

Primrose anawerenga mokweza, liwu ndi liwu, ngati mwana wa sukulu. "Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, mkazi woyamba kukhala pampando umenewo ndiwe." Mawu ake anathyoka. Anatsitsa chala, anawerengabe, milomo yokha ikugwedera. "Uwu ndi wa Lachiwiri. Lachiwiri lomwe lino, Mcloud? Lachiwiri tinali kwa abusa!"

"Switi, mvetsera. Ndimangomunyengerera kuti agwire ntchito bwino. Ndimachitira iwe! Ungandiganizire ine ndi mtsikana wonunkha thinazi?"

"Bwerezanso," anatero Talandira motsitsa. "Bwereza uli chilili, ngati mwamuna."

Mcloud anadzuka mwaukali. Kunamveka phokoso ngati la phazi lozuka m'matope. Ulusi wa penti unatambasuka kuchokera pa boneti kufika ku thalauza lake. Anayang'ana zikhatho, zonse zinali mabulosi. Posokonezeka anazipukuta pa jekete, kenako anagwira kumaso.

"Wachita chiyani, mfiti iwe? Suti ya eni ake iyi!"

"Unati ndisaphonye mtundu. Taona, sindinaphonye. Tsopano ukufanana ndi operekeza mkwatibwi."

Mcloud anatambasulira dzanja kwa Primrose. Mtsikanayo analumphira kumbuyo, atakumbatira diresi lake.

"Usandikhudze! Usandikhudze ndi manja amenewo!" Anavula mphete, n'kuiponya pa boneti. Inagwera pakati pa zidindo ziwiri za zikhatho zija, n'kumatirira pomwepo osagubuduka. "Ndikuimbira baba. Ukafike pa famu ndi mapazi ako, ukawauze wekha chimene tenti ya ukwati yamangidwira."

Njira yochoka pa galaja ya a Tickey ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pa siteji ya makombi. Mcloud anaiyenda yonse, kutsogolo zidindo za zikhatho pa suti yoyera, kumbuyo chizindikiro chachikulu chozungulira. Oitanira makombi anaimba malikhweru.

"Mukwasha! Akamwini! Mwakhalira chiyani?"

"Kombi yanga musakwere, mudhara, mipando ndi yatsopano!"

Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwirana mapewa. Talandira anaima pakhomo n'kumuonerera mpaka anakhota. Zinamukoma, tisaname. Zinamukoma ngati madzi ozizira m'mwezi wa Okutobala.

Atabwerera m'shedi anapeza Primrose atakhala pa tayala lija, akulira mwakachetechete.

"Penti imeneyi munatcherera ine, eti sisi?"

Talandira anafuna kukana, koma mabodza anali atakwana m'shedi imeneyo. "Inde. Ndimafuna diresi lanu."

"Nanga munandigwiriranji?"

"Sindikudziwa. Munandifunsa za zala zanga. Iye miyezi itatu sanafunsepo."

Primrose anapukuta m'maso, nanyamula thumba lake. Pakhomo anatembenuka.

"Galimotoyo ndi yanga. Mukadzaikonza, ipakeni mtundu wina uliwonse umene mungafune. Koma uwu ndisadzauonenso."

A Tickey anafika dzuwa likupendeka. Nkhani inali itawapeza kale pa siteji. Anayang'ana boneti nthawi yaitali, anaikhudza ndi nsonga ya chala, n'kuyang'ana chalacho.

"Hadena ali kuti?"

Talandira analoza pa shelefu. Kachitini kanali kosatsegula.

"Zaka makumi anayi pa galaja ino sipanatulukepo galimoto ya penti yaiwisi," anatero mkuluyo, akutsokomola. "Ndipo iyinso situluka." Anatenga chigubu cha thinazi wosungunula penti ndi mulu wa sanza, n'kuziika pamapazi a mwana wawo. Kenako anavula jekete, natenga sanza imodzi. "Iwe yambira kutsogolo. Ine ndiyambira kumbuyo."

Talandira ananyowetsa sanza n'kuiyendetsa pa boneti. Penti yokongola koposa imene anapoperapo inasungunuka, n'kuyenderera m'zala zake zosupuka, ikuwawa ngati moto. Apo ndi pamene misozi inabwera, yonse ya masiku atatu. Analira mokweza, osabisa, dzanja likupukutabe.

"Ababa, ndimamukonda."

"Ndikudziwa, mwanangu. Pukuta."

Okondedwa anga, Ambuye akusungeni inu ndi mitima yanu. Akutchinjirizeni ku milomo yotsekemera yolumbira pa dzina lake pachabe. Ndipo tsiku limene mtima wanu udzapse mpaka kufuna kupweteka wosalakwa, akugwireni dzanja msanga, musanafike pochita. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa nyumba zanu. Ameni.